Chiwongolero cha magemu chikamagwedera musathamangire kuchitsegula

Ambiri a ife kuno ku Harare amene timasewera magemu oyendetsa galimoto, ziwongolero zathu sitinagule zatsopano ayi. Zina zinabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, zina anatumiza achibale a ku UK, zina tinazipeza pa Facebook kwa munthu amene mwana wake anatopa nazo, nde chikamafika pakhomo chimakhala kuti chadutsa kale mmanja mwa anthu angapo. Ndi chifukwa chake dandaulo lake limakhala lomwelomweli, achimwene chiwongolero changa chili ndi pulei, ndikapinda pang'ono galimoto siikumva, pakati pake ndi popepuka, chikumalira gwede gwede, nditani? Ndipo malangizo amene anthu amapatsana msanga ndi oti tsegula uthire girizi. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa ziwongolero zambiri zafera pomwepo, munthu kumasula chinthu chabwinobwino pomwe vuto linali tebulo kapena maseting'i a mu gemu, kenako kudula kawaya kamene sangakapeze mshopu iliyonse mtauni muno.

Kugwedera kumene mukumvako si matenda amodzi. Mmanja kumamveka chimodzimodzi koma kumachokera malo osiyanasiyana, ndipo kuti mudziwe pogwira muyambe mwamvetsa zimene zimachitika mkati mwa bokosi limene chiwongolero chamangidwapo.

Mkatimo muli zinthu zitatu zofunika. Muli mota, muli chimene chimatenga mphamvu ya mota kupititsa ku shafuti imene chiwongolero chamangidwapo, ndiye muli sensa imene imawerenga kuti mwapinda kufika pati. Sensa imauza gemu kuti munthuyu wapindira kumanja mwakuti, gemu imawerengera zimene matayala akutsogolo akukumana nazo pamsewu, kaya agwira bwino, kaya ayamba kutereleka, kaya aponda mabampu a mmbali mwa kona, kenako imatumiza uthenga kudzera pa USB kuti mota ikankhe manja anu ndi mphamvu yakuti mbali yakuti. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo ndi zimene zimatchedwa force feedback. Nde mukuona kuti uthenga ukuzungulira, manja, sensa, gemu, mota, manja. Paliponse pamene pali kampata panjira imeneyi, inu mumva ngati chiwongolero chakhwepa. Amene munakwerapo kombi yotopa, ija dalaivala amangovinitsa chiwongolero uku ndi uku koma galimoto ikungopita chowongoka, mukudziwa kuti makaniko wanzeru sayamba ndi kusintha chiwongolerocho, amagona pansi kuyang'ana kuti pulei wayambira pajoini iti. Apanso ndi choncho.

Chosiyanitsa ziwongolerozi ndi chapakati chija, chotenga mphamvu ya mota. Za Logitech zimene zadzaza kuno, kuyambira G25 ya mu 2006, G27, kubwera G29 ndi G920 za mu 2015 mpaka G923 ya mu 2020, zonsezi ndi za magiya, mamota awiri ang'onoang'ono akuzunguza giya yaikulu imodzi. Thrustmaster T300 RS ya mu 2014 ndi ya malamba. T150 ndi TMX anaphatikiza, lamba ndi magiya. Ndiye pali zodula zija za direct drive monga Fanatec CSL DD ya mu 2021 kapena Moza R5, kumene chiwongolero chimakhala pa shafuti ya mota yeniyeniyo popanda giya kapena lamba pakati. Mtundu uliwonse uli ndi pake pokhwepera.

Koma musanaganize za mkati, zimitsani magetsi, zulani adaputa ndi USB yomwe, mukhale pampando ngati mukusewera. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, kokani, kankhani, kwezani mmwamba, tsitsani, pindani mofulumira uku ndi uku, maso ali pa bokosi osati pa chiwongolero. Ngati bokosi lonse likusuntha kapena tebulo likuwerama, basi mwalipeza vuto ndipo simufunika sikuludilaiva. Kunena zoona apa ndi pamene pamagona nkhani ya anthu ambiri, matebulo athu ambiri ndi a chipibodi chopyapyala, ena mpaka amamangirira pa tebulo la pulasitiki la panja lija, nde mota ikakankha mphamvu yake imathera kugwedeza tebulo mmalo mofika mmanja. Zomangira za G29 ndi za pulasitiki, zimagwira bwino pa thabwa lolimba koma mukazikakamiza kwambiri zimathyoka, choncho musalimbane nazo, limbanani ndi tebulo. Ikani thabwa lochindikala pansi pake kuti zomangirazo zilume chinthu cholimba, kanikizani tebulo kukhoma, ndipo ngati muli ndi kandalama pitani kwa akalipentala a ku Glen View Area 8 kapena owotcherera a ku Siyaso ku Mbare akupangireni chimango chake chokha. Kunsi kwa bokosi kuli mabowo a mabawuti a M6 opangidwira zomwezo. Chenjezo ndi limodzi, yezani kutalika kwa bawuti, ikatalika imalowa mpaka mkati nkukagunda zamagetsi. Ndipo musaiwale mpando ndi mapedulo, pa simenti yopaka Cobra ukaponda buleki mpando umabwerera mmbuyo, thupi limakokera chiwongolero, munthu nkumati chiwongolero chakhwepa.

Ngati bokosi lili nji koma gudumu limene mwagwiralo likugwedera palokha, yang'anani pamene lalumikizana ndi bokosi. Pa Logitech pali masikuluwu 6 a Allen key kutsogolo, pakati pa chiwongolero, ndipo kuseri kwake kuli ena amene amagwira chonsecho ku shafuti. Amamasuka ndi kunjenjemera kwa zaka zambiri. Mangani modumphitsa, iyi kenako ya moyang'anizana nayo, pang'onopang'ono, osati kumaliza imodzi kenako inzake. Pa T300 pali chimphete chachikulu cha pulasitiki chimene chimamanga gudumu ku bokosi, ndi kasikuluwu kamodzi kochitsekera kuti chisabwerere, anthu ambiri kasikuluwu kameneka anakataya kalekale ndipo chimphete chimamasuka chokha mkati mwa mpikisano. Pa direct drive pafupifupi pulei yense amakhala pomwepa, pa cholumikizira chochotsera gudumu msanga, ndipo a Fanatec anatulutsa chatsopano chotchedwa QR2 mu 2023 kulowa mmalo mwa QR1 imene anthu ankaidandaula za kugwedera komweku. Koma za direct drive tisatayepo nthawi, amene ali nazo kuno ndi owerengeka.

Tsopano lumikizani, ndipo muyang'anitsitse zimene chimachita chikangoyaka. Chimazungulira chokha mpaka kumapeto mbali imodzi, kubwerera mpaka kumapeto mbali inayo, nkudzaima pakati. Kumeneku ndi kudziyeza, chikufuna chidziwe malire ake, nde musachigwire. Chikaima pakati penipeni ndi nkhani yabwino. Chikamenya kumapeto mwamphamvu, kapena chikaima chopendekeka, kapena lero chaima apa mawa apo, maganizo apite ku sensa. Pa kompyuta ya Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani joy.cpl, tsegulani chiwongolero chanu, muona kachizindikiro kosonyeza pamene chili. Pindani pang'ono kwambiri, ngati mukuopa kudzutsa munthu, muone ngati kachizindikiroko kakusuntha nthawi yomweyo. Kuyeza kumeneku ndi kofunika kwambiri chifukwa gemu palibepo. Kakamatsatira dzanja lanu bwinobwino ndiye kuti zitsulo zili bwino, vuto lili ku maseting'i ndipo bokosi lisiyeni lotseka. Kakamachedwa kuyamba, kapena kakamadumpha, ndiye tilowe mkati.

Apa ndifotokoze bwino za magiya chifukwa ndi pamene anthu amasokonezeka. Magiya awiri akamalumana, pakati pa mano pamayenera kukhala kampata kakang'ono, popanda kameneko angamangane osazungulira. Nde mota ikamakankhira kumanzere kenako nkusintha kukankhira kumanja, dzino limayamba ladutsa kampatako lisanagunde linzake, ndipo kugundako ndi kumene mumamva kuti kho kho kho mukaponda mabampu kapena mukamayenda pa miyala mu gemu ya rally. G25 inali ndi mano owongoka, phokoso lake linali lalikulu. Kuyambira G27 anaika mano opendekeka amene amalumana mosalala, koma mano opendekeka ali ndi khalidwe lawo, akamakankhana amakankhiranso shafuti ya mota kutsogolo ndi kumbuyo, nde kaphokoso kena kamachokera pamenepo. Chimene ndikufuna mumve ndi chakuti kulira pang'ono kotere ndi chibadwa cha chiwongolero cha magiya, ngakhale chatsopano chongotuluka mkatoni chimatero, ndipo palibe girizi amene angakuthetse. Chosayenera ndi pamene mukutha kupinda gudumu moonekera ndi maso mamota asanayambe kuzungulira. Ndipo poti pa Logitech sensa ili kumbuyo kwa mota osati pa shafuti yaikulu, pulei yense wa pakati pa magiya sensa simamuona, inu mwapinda koma gemu sinamve kanthu.

Sensayo payokha ili ndi mbiri. Pa G25 ndi G27 ndi kagudumu ka pulasitiki kokhala ndi timipata mmphepete, kamazungulira pakati pa kagetsi ndi kodziwa kuwala, bolodi ya zamagetsi nkumawerenga timipata tomwe tadutsa. Kagudumu kameneka kanangokanikizidwa pa shafuti ya mota, nde mota ikamatentha nkuzizira zaka ndi zaka kamang'ambika pakati, nkuyamba kutereleka. Chizindikiro chake nchodziwika, umayamba mpikisano chiwongolero chili chowongoka, pofika pakati kuti galimoto iyende mowongoka uyenera kuchigwira chopendekeka. Guluu amagwira masiku ochepa chabe. Mankhwala enieni ndi kagudumu ka mkuwa kamene kamagulitsidwa pa intaneti, koma musanatume munthu werengani timipata ta kanuko, tilipo ta 60 ndi ta 30, mukaika kolakwika chiwongolero chiwerenga zabodza. Pa G29 ndi G920 anasiya zimenezi nkuika maginito ndi sensa yomva maginito, kagudumu kong'ambika kulibe, koma kabolodi kamene kanyamula sensayo kamagwidwa ndi timasikuluwu ting'onoting'ono, tikamasuka zizindikiro zake zimafanana ndi zomwezija, ndipo kungotimanga nthawi zambiri nkhani imatha.

Mukatsimikiza kuti mutseguladi, zulani chilichonse kumagetsi, yalani nsalu yoyera, ndipo jambulani ndi foni pa sitepe iliyonse musanachotse kanthu. Masikuluwu ake si ofanana kutalika, aikeni mtimagulu. Pochotsa gudumu pali timawaya ta mabatani todutsa mkati mwa shafuti, gwirani pulagi yake osati kukoka waya. Mukafika mkati yambani ndi masikuluwu ogwira mamota ku chimango, amenewa akamasuka mota imatalikira giya yaikulu ndipo pulei amakula nthawi yomweyo. Kenako onani mano ngati adyeka kapena kuthyoka. Pansi pa shafuti muona kapulasitiki kakatali ka mano kamene kamayenda uku ndi uku, ndi kamene kamaimitsa chiwongolero chikafika kumapeto, ndipo kunsi kwake kuli kachitsulo kopyapyala kopindika kokakankhira mmwamba. Kachitsulo kameneka kamagwa mosavuta potsegula, ndipo mukakaiwala kapena mukabwezera kapulasitikiko kasali pakati, chiwongolero chizipita mbali imodzi kwambiri kuposa inzake. Ikani chizindikiro ndi cholembera musanasunthe.

Za girizi tsopano. Fumbi la kuno mu Ogasiti mpaka mvula itagwa mukulidziwa, limalowa ngakhale mnyumba yotseka mawindo, ndipo likasakanizika ndi girizi wakale limapanga phala lokhakhala limene limadya mano a pulasitiki. Choncho ntchito yaikulu ndi kupukuta wakaleyo, osati kuwonjezera pamwamba. Mswachi wakale ndi kansalu zikwanira. Kenako pakani pang'ono girizi amene botolo lake lalembedwa kuti ndi woyenera pulasitiki, wa silicone kapena woyera wa lithium. Girizi wakuda wa kugalaja ayi, Vaseline ayi, mafuta ophikira ayi, ndipo WD-40 si girizi, amasungunula amene alipoyo nkusiya pouma. Samalaninso kuti asafike pa sensa. Mankhwala aja oletsa bawuti kumasuka monga Loctite wa buluu ndi abwino pamene chitsulo chikulowa mu chitsulo, koma akakhudza pulasitiki amatha kuing'amba. Ndipo pobwezera sikuluwu mu pulasitiki, iyambeni mozungulira chobwerera mpaka mumve kuti yagwera mu mzere wake wakale, kenako mangani, ikagwira siyani.

Pali ena amene amalowetsa timapepala ta zitsulo kapena mawasha kuti magiya alumane kwambiri pulei atheretu. Ine sindilimbikitsa. Mukafinya magiya chiwongolero chimayamba kuyenda modukiza, mamota amatentha, ndipo timauthenga ting'onoting'ono ta msewu, timene munagulira chiwongolerochi, timathera mu kulimbako. Kuli bwino kakhale ndi kaphokoso koma kazikuuzani zimene matayala akuchita.

Za malamba nkhani yake ndi yaifupi. Lamba akatamuka mumamva kufewa posintha mbali, ndipo akafika poipa amadumpha mano pa kona yamphamvu. Onani ngati mano ake adyeka, onani ngati kagudumu ka pa mota kakugwira shafuti, ndipo pomukoka musamukoke mpaka kulira chifukwa mabering'i ndi amene amavutika. Girizi pa lamba ayi ndithu. Koma pa T300 pali china chimene anthu amachisokoneza ndi kukhwepa, mota ikatentha chiwongolero chimadzichepetsera mphamvu chokha podziteteza, nde kutentha kwa mu Okutobala kuja mumayamba chili cholimba, pakapita kanthawi chapepuka. Pamenepo tsitsani mphamvu, chotsani fumbi potulukira mpweya, mvetserani ngati fani ikuzungulira, ndipo pali njira yoipangitsa kuti izizungulira nthawi zonse imene a Thrustmaster anaifotokoza okha. Adaputa nayo imanamiza anthu. Ya G27 ndi G29 ndi ya 24V, 1.75A. Ziwongolero zambiri zakale zimabwera yake yeniyeni itasowa, munthu nkuikapo chaja ya laputopu ya 19V poti mutu wake walowa, chimatha kuyaka inde koma mphamvu nkukhala yoperewera. Mukamakasaka ina ku Gulf Complex kapena kwina kulikonse werengani manambala ali pa chikalata chake, musangoyesa mutu.

Tibwere ku maseting'i, kumene ndikukhulupirira kuti ndi kumene kuli yankho la anthu ochuluka amene amati pakati ndi popepuka. Ziwongolero za magiya zili ndi vuto lakuti gemu ikatumiza mphamvu yaing'ono kwambiri, mamota sakwanitsa kugonjetsa kulimba kwa magiya, nde sipamveka kanthu. Ndipo mphamvu zing'onozing'onozo zimabwera liti? Pamsewu wowongoka, chiwongolero chili pakati. Ndi chifukwa chake pa kona chimalemera bwino koma ukangowongola chimakhala ngati chazima. Palibe chathyoka. Magemu monga Assetto Corsa, Assetto Corsa Competizione ndi iRacing ali ndi seting'i yotchedwa minimum force, imene imakweza timphamvu tating'onoto kuti tiyambire pamene mota ikumva. Kwezani pang'onopang'ono, yendani pamsewu wowongoka, masulani manja pang'ono. Chikayamba kudzigwedeza chokha uku ndi uku ndiye mwapyola, bwererani pang'ono, pamenepo ndi panu. Pa Logitech nambala imeneyi imakhala yokwererapo, pa malamba yochepa, pa direct drive ziro. Pa PlayStation, mu Gran Turismo 7, mulibe dzina limeneli, muli Max Torque ndi Sensitivity zoyambira 1 kufika 10, ndipo ndi ziwirizi zimene mumasewera nazo.

Ena akamva kupepuka amathamangira kukweza gain, seting'i ya mphamvu yonse ya force feedback, mpaka kumapeto, ndipo izi zimaipitsa zinthu. G29 mphamvu yake ndi ya ma Nm (muyezo wa mphamvu yozunguza) awiri ndi kakuti basi, pomwe CSL DD imayambira pa 5. Mukaiuza G29 kuti izikankha mopyola pamene ingathe, kona iliyonse imafika pa malire, yaing'ono ndi yaikulu zimamveka chimodzimodzi, nde pakati pamaoneka popepuka kwambiri poyerekeza. Enanso amayatsa centering spring mu G HUB, pulogalamu ya Logitech ya pa kompyuta, kuti chiwongolero chizibwerera pakati mwamphamvu. Chimalimbadi, koma ndi kulimba kwabodza kumene kumaphimba zimene gemu ikunena, pa Euro Truck Simulator 2 mukhoza kupirira nako koma pa gemu ya mpikisano zimitsani.

Onaninso madigiri. Logitech imazungulira 900, kutanthauza kawiri ndi theka kuchokera kumapeto kufika kumapeto, T300 ndi T150 zimafika 1080. Nambala ya mu pulogalamu ya chiwongolero ndi ya mu gemu zikasiyana, mumapinda kwambiri galimoto nkumakhota pang'ono, ndipo mmanja zimamveka ngati pulei. Njira yachidule ndi kuyang'ana chiwongolero cha pa sikirini, chizifanana ndi chanu, inu mukapinda kota nachonso kota. Seting'i ya steering deadzone, imene imasiya kampata pakati pamene gemu siimva kupinda, ikhale pa ziro, ija anaipangira anthu a ma controller, ndipo magemu ena amabwera itayatsidwa kale. Ndiye TV, ambiri timasewerera pa TV ya pabalaza, ndipo ma TV amachedwetsa chithunzi pochikongoletsa, nde dzanja lapinda, maso aona mochedwa, ubongo nkumati chiwongolero sichikumva. Sakani Game Mode mu maseting'i a TV muyatse, ndi zaulere.

Pali kupepuka kumodzi kumene simuyenera kukukonza. Mukalowa mu kona mothamanga kwambiri, chiwongolero chimalemera, kulemera, kenako mwadzidzidzi nkupepuka galimoto ikupita chowongoka kunja kwa kona. Kumeneko ndi matayala akutsogolo ataya msewu, mphamvu imene imabwezera tayala pakati imatsika likayamba kutereleka, ndipo gemu ikukuuzani zoona zake. Funsani aliyense amene anathamangitsapo galimoto yeniyeni ku Donnybrook, bwalo la mipikisano ya magalimoto kuno ku Harare, akuuzani kuti mmanja zimamveka choncho. Pamenepo chepetsani moto, wongolani pang'ono, mumva kulemera kukubwerera matayala akagwiranso.

Nanga mano a giya yaikulu akakhala kuti adyekadi? Apa girizi kapena sikuluwu sizithandiza, ndipo magiya atsopano sapezeka mwachisawawa kuno. Chimene chimathandiza ndi kusaka chinzake cha mtundu womwewo chimene chinapsa bolodi, eni ake amachigulitsa motchipa poti sichiyaka koma magiya ndi mamota ali bwinobwino. Ndipo kwa amene mukufuna kugula chogwiritsidwa kale ntchito, musapereke madola anu pamsewu chili mchikwama. Pemphani mukachiyesere pamene pali magetsi, tengani laputopu, muone mmene chikudziyezera chikayaka, tsegulani joy.cpl, werengani adaputa, ndipo musewere mpaka mamota atenthe, chifukwa kagudumu kong'ambika ka G27 kamatha kugwira bwinobwino mota ikadali yozizira.